Kaphikidwe ka hojarascas, mabisiketi a sinamoni a pa Khirisimasi ku Mexico

Kumpoto kwa dziko la Mexico, m'madera a Nuevo León, Coahuila ndi Tamaulipas, Disembala akangolowa m'makitchini ambiri mumatuluka fungo la sinamoni. Amakhala akuphika hojarascas, mabisiketi ang'onoang'ono onyenyeka msanga, okutidwa ndi shuga wosakaniza ndi sinamoni. Mukawoloka malire kulowa kum'mwera kwa Texas, ku America, mukawapezanso, kungoti kumeneko amawatchula kuti pan de polvo, ndipo sasowa pa ukwati, pa phwando la mtsikana amene wakwanitsa zaka 15, ngakhalenso pa Khirisimasi.

Nyengo imene amayenda malonda kwambiri ndi ya posadas. Kuyambira pa 16 mpaka pa 24 Disembala, madzulo alionse anthu a dera limodzi amayenda ndi makandulo kukumbukira Yosefe ndi Mariya akusaka malo ogona ku Betelehemu. Akafika panyumba imene yasankhidwa tsikulo, ali panja amayimba kupempha malo, ali m'katimo amayankha moyimba kuti malo kulibe, mpaka kumapeto chitseko chimatsegulidwa onse n'kulowa. Kenako ana amaswa piñata, chidole chopachikidwa m'mwamba chodzaza maswiti, akuluakulu akumwa zotentha. Banja lolandira khamu lotere limafuna chakudya chophikiratu, chosawonongeka msanga, choti aliyense angotola ndi zala. Mabisiketiwa amakwanira bwino pamenepo.

Chimene ndimawakondera n'choti safuna zambiri. Njira imene ndikupatseniyi ilibe mazira, ilibe mkaka, ndipo simufunika makina. Koma pali zinthu ziwiri zimene mukaphonya mupeza mabisiketi wamba olimba: madzi akhale ochepa kwambiri, ndipo manja anu asakande monga mukandira ufa wa mandasi. Zina zonse zili m'munsimu zikuzungulira pa mfundo ziwirizi.

Zofunika

Pa mabisiketi pafupifupi 50 kapena 60, malingana ndi kukula kwa chodulira chanu, mupeze ufa wa tirigu, fulawa ija, magalamu 500, omwe ndi makapu 4 osatsendera ngati kapu yanu ndi ya mamililita 250. Mafuta olimba akhale magalamu 250, shuga magalamu 130, baking powder supuni yaing'ono imodzi, mchere theka la supuni yaing'ono, ndi sinamoni wopera supuni yaing'ono imodzi.

Pa tiyi wokandira mufunika madzi kapu imodzi, timitengo ta sinamoni tiwiri, ndi njere za anise supuni yaikulu imodzi. Pokutira mabisiketi akapsa, shuga wina kapu imodzi ndi sinamoni wopera supuni yaikulu imodzi yodzaza.

Ngati muli ndi sikelo, yezani pa sikelo. Ufa umanamiza m'kapu: wina akatsendera, wina akangothira mopepuka, kulemera kwake kumasiyana kutali, ndipo pa mabisiketi a madzi ochepa chonchi kusiyanako kumaoneka.

Nkhani ya mafuta

Mafuta enieni a hojarascas ndi a nkhumba. Tirigu, nkhumba ndi nzimbe sizinali ku Mexico kale. Zinabwera ndi anthu a ku Spain atagonjetsa mzinda wa Tenochtitlan, likulu la ufumu wa Aaziteki, mu 1521. Anabweranso ndi kaphikidwe ka kwawo ka mabisiketi a ufa, shuga ndi mafuta a nkhumba, amene mpaka lero tauni ya Estepa ku Andalusia imatchuka nawo pa Khirisimasi. A ku Mexico anawatenga n'kuwapatsa kakomedwe kawo.

Mafuta a nkhumba amaposa ena pa chifukwa chomveka. Mu ufa wa tirigu muli mapuloteni amene akakumana ndi madzi n'kukandidwa amalukana n'kupanga gluten, chinthu chotamuka chija chimachititsa kuti buledi azikokeka. Pa buledi n'chabwino, pa mabisiketi awa n'chosafunika. Mafuta akakuta ufa madzi asanafike, mapuloteniwo amalephera kulukana, ndipo bisiketi imayoyoka mukangoiluma. Mafuta a nkhumba oyenga bwino alibe madzi m'kati, pamene batala ali ndi mafuta pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse, ndipo gawo lalikulu la zotsalazo ndi madzi. Ndiye batala amabweretsa fungo lokoma, koma amalimbitsako bisiketi pang'ono.

Ngati mukufuna kuyenga nokha, pemphani kubutchala mafuta oyera a m'kati, ozungulira impso, chifukwa ndi amene sanunkha nyama kwambiri. Aduleni tizidutswa ting'onoting'ono, muike mupoto ndi madzi pang'ono pansi, pamoto wochepetsetsa. Madziwo aphwa okha, mafuta n'kumasungunuka pang'onopang'ono. Musafulumire ndi moto waukulu. Akangofiirira ayamba kununkha nyama yokazinga ndipo fungolo lidzapondereza sinamoni. Sefani pa kansalu koyera, muwasiye azizire mpaka agwirane n'kuyera.

Si nyumba iliyonse imene imadya nkhumba, ndipo ngati muphikira alendo ndi bwino kuganizira abale athu achisilamu ndi a Seventh Day. Musadandaule, ngakhale ku Mexico komweko ambiri lero amagwiritsa ntchito mafuta oyera olimba ochokera ku zomera, ndipo mabisiketi ake amayoyoka bwinobwino. Mafuta otere amapezeka m'masitolo akuluakulu, m'timabuloko tokulunga m'pepala. Ine ndikapanda kugwiritsa ntchito a nkhumba ndimakonda theka mafuta oyerawo, theka batala, kuti ndipeze zonse ziwiri, kuyoyoka ndi fungo. Majarini a buloko ophikira makeke angathenso, bola muchepetse tiyi wokandira chifukwa ali kale ndi madzi. Majarini ofewa opaka pa buledi ayi. Mafuta amadzimadzi okazingira ndiwo ayinso. Mabisiketi ake amatuluka onona kunja koma osagwirana.

Sinamoni ndi anise

Sinamoni amene amagwiritsidwa ntchito ku Mexico, yemwe amamutcha canela, amachokera ku Sri Lanka, ndipo dziko la Mexico ndi limene limagula sinamoni wambiri wa kumeneko kuposa mayiko ena. Mumuzindikira ndi maso ndi zala: kamtengo kake kamakhala kotuwirako, kopangidwa ndi timakungwa topyapyala tambirimbiri tokulungidwa pamodzi, ndipo mukakafinya kamaphwanyika. Fungo lake ndi lofatsa. Sinamoni wina amene amapezeka kwambiri m'masitolo ndi cassia, khungwa limodzi lochindikala, lofiirira kwambiri, lolimba moti kulisinja mu kamtondo ndi ntchito. Ameneyu ndi waukali. Ngati ndi amene muli naye, agwira ntchito, koma chepetsani: kamtengo kamodzi mu tiyi, ndipo pa shuga wokutira yambani ndi theka la muyezo, mulawe, kenako muonjezere.

Njere za anise ndi zazing'ono, zotuwa, zonunkhira motsekemera. Kafunseni m'masitolo ogulitsa zokometsera za ku India. Zikasowa, njere za fennel zimayandikira. Star anise imodzi kapena ziwiri zingalowenso m'malo mwake. Mabanja ena saika anise n'komwe, amangodalira sinamoni. Kwa ine anise ndi amene amachititsa kuti munthu akaluma adziwe kuti iyi si bisiketi ya m'paketi, choncho ngati mungamupeze musamusiye.

Yambani ndi tiyi

Thirani madzi kapu imodzi mu kapoto, muthyolere timitengo ta sinamoni, muike anise. Zikawira chepetsani moto, zibwate pang'onopang'ono osavundikira mpaka madzi atsale theka. Zimatenga mphindi 10 kapena kupitirirako. Madziwo asanduka ofiirira, ndipo nyumba yonse idziwa. Sefani, muwasiye azizire kotheratu. Tiyi wofunda amasungunula mafuta, ndipo mafuta akasungunuka ufa usanalowe mu uvuni mabisiketi amaphwathalala. Mutha kuphika tiyiyu dzulo lake n'kumusunga m'botolo.

Apa ndi pamene pagona nzeru ya amayi a kumpoto kwa Mexico. Popeza ufawu umalandira madzi ochepa kwambiri, madzi ochepawo ayenera kunyamula fungo lambiri. Sinamoni wopera yekha amamveka pamwamba pa lilime; wowiritsa amalowerera ufa wonse.

Kusakaniza

Mafuta akhale ofewa moti chala chikulowa mukadinikiza, koma osati onyezimira ngati ayamba kusungunuka. M'nyengo yotentha ya Disembala kwathu kuno mafuta amafewa msanga, choncho ntchitoyi ndi yabwino m'mamawa kusanatenthe.

Ikani mafuta mu beseni, muwatakase ndi mthiko mpaka asalale. Thirani shuga wa magalamu 130 uja, mupitirize kutakasa mwamphamvu kwa mphindi 5 kapena kuposerapo, mpaka zisinthe mtundu n'kuyererako ndi kuoneka zopepuka. Pano ndi pokhapo pamene muyenera kugwiritsa ntchito mphamvu. Shuga akamapekesana ndi mafuta amatsekera timpweya m'kati, ndipo timpweyato ndi timene timafutukuka pamoto.

M'mbale ina sefani ufa pamodzi ndi baking powder, mchere ndi sinamoni wopera. Thirani ufawu mu mafuta katatu, pang'onopang'ono, mukusakaniza ndi mthiko. Mthiko ukayamba kulemera, lowetsani manja, koma mugwiritse nsonga za zala, mukufikisa ufa ndi mafuta mpaka pasakhale ufa wouma woyera. Zikafika pamenepa zimaoneka ngati mchenga wonyowa wa m'mbali mwa mtsinje: mukaufumbata umagwirana n'kusiya zidindo za zala, mukaugunda umabalalika.

Tsopano tiyi. Thirani supuni zazikulu zitatu, musonkhanitse ufa ndi manja, osapinda ndi kukankha monga pa buledi, kungosonkhanitsa ndi kufinya. Ukakana kugwirana onjezerani supuni imodzi, muyesenso. Nthawi zambiri supuni 4 kapena 5 zimakwana, ndipo ngati mwagwiritsa ntchito batala kapena majarini mwina zitatu zokha. Tiyi wotsala musamukakamize kulowa. Mumwe kapena mumuthire mu tiyi wa masamba. Chiyeso chake n'chosavuta: tengani kambulunga, mukadinikize pachikhatho. M'mbali mukang'ambika pang'ono, zili bwino. Kakaphwasuka konse, madzi achepa. Kakamata m'zala, madzi achuluka, ndiye wazani ufa pang'ono msanga osakanda.

Gawani ufa wokandawo pawiri, muuphwathalitse, muukulunge m'pepala la pulasitiki, upume theka la ola. Mu firiji ndi bwino koposa. Ngati mulibe, ikani m'mbale yovundikira pamalo ozizira a m'nyumba, pansi pa simenti, n'kuyala kansalu konyowa pamwamba pa chivundikiro. Kupumaku kumapatsa ufa mpata womwa timadzi tija mofanana, ndipo poyala suvuta.

Kuyala ndi kudula

Wazani ufa wochepa patebulo, kapena yalani pakati pa mapepala awiri a pulasitiki kuti musaonjezere ufa. Chimtengo choyalira chapati kapena botolo losalala zonse zimagwira. Yalani kuchokera pakati kupita m'mbali, mopepuka, mpaka kuchindikala kutsale pang'ono kufika sentimita imodzi. Ambiri amalakwitsa poyala mopyapyala kwambiri poganiza kuti apeza mabisiketi ochuluka. Opyapyala amauma n'kukhala okhukhuta. Hojarascas amafuna thupi kuti m'kati mukhale moyoyoka.

M'mbali mukang'ambika, lumikizani ndi zala, ndi khalidwe lake la ufawu. Dulani ndi tambula yaing'ono kapena chodulira cha nyenyezi, mtima kapena duwa, kukula kwake masentimita 4 kapena 5. Muzidula moyandikana kuti zotsala zichepe, chifukwa ufa ukayalidwa kachiwiri ndi kachitatu umalimbirako. Zotsalazo musazikande; zisanjikizeni, mudinikize, muyalenso.

Ngati kuyala kukuvutani, pali njira ina imene mabanja ambiri amatsata: umbani timibulunga tofanana, muike pa thireyi, mudinikize ndi pansi pa tambula kapena ndi foloko. Ana amaikonda ntchito imeneyi, ndipo manja awo ang'onoang'ono satenthetsa ufa msanga.

Nyamulani ndi mpeni wopyapyala kuika pa thireyi. Kudzoza thireyi mafuta sikofunika kwenikweni chifukwa mabisiketiwa ali nawo ambiri, koma pepala lophikira limathandiza ngati thireyi yanu ndi yakale. Siyani mpata wa chala chimodzi pakati pawo, safufuma kwambiri.

Moto

Tenthetsani uvuni pa madigiri 175 musanalowetse kanthu. Ikani thireyi pakati, muphike mphindi 15 mpaka 18. Musadikire kuti afiire pamwamba. Hojarascas akapsa amakhala otuwa pamwamba, ouma mukawakhudza, ndipo mukatukula imodzi pansi pake pamakhala pofiirira pang'ono. Akafiira pamwamba ndiye kuti apitirira, ndipo sinamoni wopserera amawawa. Uvuni wambiri umatentha mbali imodzi kuposa inzake, choncho tembenuzani thireyi pakatha mphindi 10.

Amene mulibe uvuni, kapena magetsi akathima ufa uli kale patebulo, mbaula ikwanitsa. Tengani poto wamkulu wochindikala, muthire mchenga woyera wouma pansi kufika zala ziwiri kapena zitatu, muvundikire, atenthe pamakala kwa mphindi 15. Ikani timiyala titatu pamchengapo, mukhazike mbale yachitsulo ya mabisiketi pamwamba pake kuti isakhudze mchenga. Vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo kapena lata, muike makala pamwamba. Makala ambiri akhale pamwamba, pansi patsale ochepa, chifukwa mabisiketi a shuga ndi mafuta chonchi amapserera pansi msanga. Yambani ndi mabisiketi awiri okha oyesera. Akapserera pansi mphindi 10 zisanakwane, phulani makala ena m'mbaula. Akakhala osapsa pakatha mphindi 20, onjezerani pamwamba. Potsegula chivundikiro muzichikweza mowongoka kuti phulusa lisagwere m'kati.

Kukuta ndi shuga

Mabisiketi ali pamoto, sakanizani shuga kapu imodzi ndi sinamoni m'mbale yakuya. Shuga amene timagula kwathu kuno amakhala wa njere zikuluzikulu, ndipo sakakamira bwino. Musinjeni pang'ono mu kamtondo, osati mpaka asanduke ufa, kungoti njerezo zichepe. Shuga wa bulauni wouma amakomanso, kungoti mtundu umadera.

Nthawi yokutira ndi yaifupi, ndipo ndi pamene pamafunika maso. Akangotuluka pamoto mabisiketiwa ndi osalimba moti mukawagwira amaphwanyikira m'manja. Akazizira kotheratu shuga sakakamira. Dikirani mphindi zitatu kapena zisanu, pamene mungathe kuwagwira osapsa koma akadali ofunda. Ikani imodzi m'mbale ya shuga, muikwirire ndi supuni, muitembenuze ndi zala ziwiri, muitulutse. Mudzaona shuga akumatirira pa timafuta timene tatuluka pamwamba, bisiketi yotuwa ija n'kusanduka yofiirira yonyezimira. Musaike zambiri nthawi imodzi, zimagundana n'kubenthuka m'mbali. Ngati zina zazizira musanazifikire, zibwezereni pamoto mphindi imodzi kapena ziwiri.

Zina zidzasweka basi, ngakhale mutasamala bwanji, ndipo ndi chizindikiro choti mafuta ndi madzi munayeza bwino. Zinyenyeswazo musataye, n'zokoma powaza pa phala la ana.

Yalani mabisiketi pa thireyi ina kuti azizire kotheratu musanawatsekere. Mukawatsekera ali ofunda, nthunzi imawafewetsa.

Kusunga ndi kusintha

Ku Monterrey, mzinda waukulu wa ku Nuevo León, mwezi wa Disembala kumazizira, pamene kwathu ndi pakati pa dzinja, mvula ili mkati ndipo mpweya ndi wachinyezi. Shuga amakoka chinyezi, choncho mabisiketi osiyidwa pambale usiku umodzi amadzuka atafewa. Asungeni m'chitini kapena m'botolo lotsekeka bwino, musanjike pepala pakati pa mizere. Akatero amakhala sabata ziwiri osasintha, ndipo tsiku lachiwiri amakoma kuposa loyamba chifukwa fungo la anise limakhala litakhazikika. Ngati mukufuna kudya pa 25 Disembala, phikani pa 22 kapena 23, tsiku lenilenilo moto ukhale wa mpunga ndi nkhuku.

Kumpoto kwa Mexico amalima mtedza wa pecan wambiri, makamaka ku Chihuahua ndi Coahuila, ndipo ophika ena amathira mtedzawu wosinja mu ufa, pafupifupi magalamu 100 pa muyezo wathuwu. Makademiya amalowa bwino m'malo mwake. Mtedza wathu wokazinga ungathenso, koma fungo lake ndi lamphamvu ndipo limalimbana ndi anise, choncho mukauika musiye anise. Ena amapala khungu la lalanje limodzi n'kuthira mu mafuta potakasa, mbali yachikasu yokha, chifukwa yoyera ya m'kati imawawa. Koma ulendo woyamba phikani opanda zoonjezerazi, kuti mudziwe kakomedwe kake kenikeni.

Chomwera

Pa posadas chakumwa chodziwika ndi ponche, madzi otentha owiritsa ndi zipatso. Zambiri zimene amaikamo tili nazo: magwafa, nzimbe zosenda zodula timizere, bwemba, chidede ndi sinamoni. Chimene mungachisowe ndi tejocote, kachipatso kachikasu ka kumapiri a ku Mexico, koma apozi wodula angakhale m'malo mwake. Wiritsani zonse mu poto wamkulu pafupifupi ola limodzi, muthire shuga molawa, mugawe m'makapu zipatso zili momwemo.

Kwa ine mnzake weniweni wa hojarascas ndi café de olla, khofi wophika mu mphika wadothi. Ku Mexico amamutsekemeretsa ndi piloncillo, shuga wa nzimbe wosayenga woumbidwa m'timibulu tosongoka. Shuga wa bulauni amayandikira. Wiritsani madzi lita imodzi ndi kamtengo ka sinamoni ndi shuga supuni zazikulu 5 mpaka shuga asungunuke ndipo madzi afiirire. Phulani pamoto, muthire khofi wopera supuni zazikulu 5, wa ku Mzuzu kapena ku Thyolo ngati muli naye, muvundikire mphindi 5, kenako sefani. Musamuwiritse khofiyo atalowa kale, amawawa. Ndipo popeza mabisiketi ali kale ndi shuga pamwamba, khofi asatsekemere kwambiri. Musaviike bisiketi m'kapu monga tichitira ndi sikono. Imasungunukira momwemo musanaifikitse pakamwa. Lumani kaye, kenako mumwere.